Mwana wa Folomu 3 wandibweretsera komposishoni yolembedwa ndi foni, tilowera kuti?

Ticha wa Chingerezi, Namwera: Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo. Sabata yatha ndinapatsa ana anga a Folomu 3 komposishoni yoti alembe za tsiku la msika kwawo, nde mnyamata wina amene ndimamudziwa bwinobwino kuti chiganizo chimodzi cha Chingerezi amachita kutuluka nacho thukuta wandibweretsera mapeji awiri osalala ngati nyuzi, opanda ndi polakwika pomwe. Koma msika wake muli sitolo zogulitsa tchizi ndi maluwa, anthu akumwa khofi pakhonde kkkk msika wa pa Chiponde umenewo? Ndamuitana ku staff room ndamufunsa mawu amodzi okha kuti akutanthauza chani, wangoyang'ana pansi. Kenako waulula kuti mkulu wake wa ku Joni anatumiza foni, nde anangouza ChatGPT, pulogalamu ya AI ija yoyankha ndi kulemba ngati munthu, kuti imulembere, iye kukopera mu kope basi. Sindinamupatse chibalo, ndinangosowa chonena. Anzanga tikulowera kuti ndi sukuluyi zaka khumi zikubwerazi?

Wakabaza pa Boma: kkkkkk tchizi pa Chiponde, mwanayo ndi dolo

Amake Atatu, M'baluku: Aphunzitsi mukanamukwapula ndithu, likasa limenelo palibe kusiyana

Ticha wa Chingerezi, Namwera: Amayi chikwapu chinaletsedwa kalekale, komanso ndikamukwapula mawa abwera nayo ina yokonzedwa bwino, angoiuza kuti ikemo usipa ndi tomato. Vuto silinathe pamenepo.

Wa ku Joni 27: Koma aphunzitsi musaiwone ngati mdani foniyo. Ine ndinasiyira Folomu 2, ndinabwera kuno ku Johannesburg ndisakudziwa kanthu, zoyala matailosi ndinaphunzirira pa YouTube usiku ndikaweruka kwa bwana, pano ndikugwira ndekha ma job ndipo anyamata awiri ndikuwalemba ntchito ndine. Palibe mphunzitsi anandiimirira kutsogolo ndi choko. Sukulu yamtsogolo ndi imeneyi basi, aliyense ndi foni yake kuphunzira chomwe akufuna

Madam a Sitandade 2: Achimwene a ku Joni, YouTube yo munkamva bwanji zomwe akunena? Si Chingerezi chomwe anakuphunzitsani munthu ndi choko mpaka Folomu 2 yanuyo? Mawu oti musake pa YouTube munkalemba ndi chala cha ndani mukanakhala kuti simudziwa a e i o u?

Wa ku Joni 27: Apo nde mwandigwira madam kkkk

Madam a Sitandade 2: Ndisakubisireni, ine zamakonozi ndimazikonda ndipo ndikuziona ndi maso tsiku ndi tsiku. Kusukulu kwathu anabweretsa matabuleti a pulogalamu ya boma ija ya BEFIT, inayamba 2023, cholinga chake akuti ifike sukulu zonse zapulaimale za boma kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4. Zomwe zili mkatimo anapanga ndi a onebillion, zimayankhula Chichewa chenicheni, kuwerenga ndi masamu, ndipo sizifuna intaneti, timangotchaja ndi sola. Ndikuuzeni zomwe zimachitika. Kalasi yanga ili ndi ana opitirira 100, ena amakhala pansi mpaka pakhomo, ndikamaphunzitsa pabolodi amene akundimva ndi a kutsogolo okha, kumbuyoko kumakhala msika wa mango. Koma ikakwana nthawi ya matabuleti aliyense wavala mahedifoni, kalasi yonse zii, mumangomva timilomo tikung'ung'udza ma me mi mo mu. Pali kamtsikana kena kamene chaka chonse sikanakwezepo mkono, ndinkangoti mwina n'kogontha mutu, tsiku lina ndaima kumbuyo kwake ndikuona kakulondola chilembo ndi chala, kalakwitsa, tabuleti yakauza kuti yesanso, kayesanso kanayi konse mpaka kakhoza, kenako kanatembenuka kundiyang'ana kakumwetulira mano onse panja. Ine pabolodi sindingadikire mwana mmodzi kanayi pomwe 99 akundikoka chitenje. Chinthu chija sichitopa, sichikalipa, ndiye mwana wamanyazi saopa kulakwitsa. Koma theka la ola likatha ndibwerera ku choko changa, ndipo kukachita mitambo masiku atatu batire limafooka gulu lina osagwirako

Amake Atatu, M'baluku: Eee ndiye zabwinotu, kwathu kuno sizinafike

Che Siginala wa ku Msaka: Salaam aleikum nonse. Ine ndifunse madam, tabuletiyo Chiyao imayankhula?

Madam a Sitandade 2: Zathuzi ayi che, Chichewa.

Che Siginala wa ku Msaka: Nde nkhani yanga ili pamenepo. Kwathu kwenikweni ndi ku Makanjira, kuno ndinabwerera usipa. Mwana wa ku Makanjira kapena Katuli kunyumba Chiyao, kumadrasa masana Chiarabu, kusukulu mmawa Chichewa, akafika Sitandade 5 zonse zatembenuka Chingerezi, mayeso a Sitandade 8 nawo Chingerezi kupatula pepala la Chichewa. Mwana mmodzi zilankhulo zinayi asanamere ndi ndevu zomwe. Kenako tizidabwa kuti ana a ku Mangochi sakhoza? Ine ndinayesa kulemba Chiyao pa AI yomwe mwana wa mlongo wanga ali nayo, inandiyankha zosakaniza Chiswahili ndi zina zoti ngakhale agogo anga sangamve. Nde zamakono zikubwera inde koma zikubwerera ana a ku Blantyre amene kunyumba kwawo amayankhula kale Chingerezi, athuwa azingothamangira kumbuyo ngati kale

Namwino wa Night: Izi nde zoona zokhazokha. Chichewa chomwe pa Google Translate chilipo koma nthawi zina chimatuluka chokhota, nanga Chiyao choti zolembedwa zake pa intaneti n'zochepa. Makinawa amaphunzira kuchokera pa zomwe anthu analemba kale, chilankhulo chopanda zolemba zambiri amangochiphonya. Tikapanda kulemba tokha palibe mzungu adzatilembere

Wakabaza pa Boma: Tiyambe kulemba Chiyao pagulu pano basi, admin atimasulire kkk

Admin: Ine Chiyao changa chimathera pa sikomo, musandiike m'mavuto. Pitirizani koma tisatukwanane

Agogo Opuma, Malindi: Ana anga ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, foni akundigwirira ndi mdzukulu chifukwa maso anatha. Ndinaphunzitsa zaka zoposa 30. Nkhani yoti sukulu idzalowa m'kabokosi si ya lero. Nthawi yathu kunali MCC, sukulu yamakalata, inayamba 1965, maseti amabwera pa positi, maphunziro ena pa wailesi, ndipo anthu ambiri amene mukuwaona ndi mataye lero anadutsira momwemo. Kenako inasanduka MCDE, malo ake ophunzirirako aja otchedwa ma DEC ndi amene anadzakhala ma CDSS anuwa. Mu 1994 pulaimale itakhala yaulere ana anakhamukira kusukulu ngati ngumbi, tinaphunzitsira pansi pa mitengo ya mango, boma linalemba aphunzitsi osaphunzitsidwa kuti angogwirizira. Mu 2008 kunabwera Tikwere pa MBC, wailesi yopukusa ija, tinkaiika patebulo ana n'kumaimba nayo limodzi, ndipo anthu ankati mphunzitsi watha ntchito. Mawailesi aja ali kuti lero? Anathyoka chopukusira, wokonza panalibe, ena anathera m'nyumba za anthu. Ine sindikana matabuleti, ndikungofunsa kuti likasweka galasi adzakonza ndani, ndipo azungu opereka ndalama akadzanyamuka batire latsopano adzagula ndani. Walira mvula walira matope

Madam a Sitandade 2: Agogo funso limenelo ngakhale ife timafunsana ku staff room

Wa ku Joni 27: Agogo ulemu wanu, koma wailesi ndi foni n'zosiyana. Wailesi inali ya sukulu, foni ndi ya munthu mwini, ikawonongeka amathamanga nayo yekha kwa okonza pa msika chifukwa imamupweteka

Amake Atatu, M'baluku: Ya munthu wake uti achimwene? Tiyeni tinene zoona. Pakhomo panga foni ya tachi ndi imodzi, ya bambo a ana, ndipo imagona kunyanja. Akabwera mmawa ili ndi 4 peresenti, kukatchajitsa pa sitolo kulipira, magetsi akathima nde mpaka mawa. Ine ndili ndi kamabatani kolandirira Airtel Money basi, pano ndikulemba pa ya mlamu wanga. Nthawi ya korona ija sukulu atatseka mu March 2020 ankati ana aziphunzira pa intaneti ndi pa wailesi, kwathu kuno anaphunzira ndani? Anyamata onse anathera kudoko kukoka makoka, atsikana nde musanene, mwana wa mchemwali wanga anali Sitandade 7 wanzeru zake, pomwe amatsegula sukulu anali ndi pakati. Lamulo loti abwerere kusukulu akabereka lilipo, a mother group anabwera kawiri konse kudzamunyengerera, anapita sabata ziwiri n'kusiya, anzake ankamuseka kuti amake mwana komanso womusiyira khanda panalibe. Nde mukamati tsogolo ndi kuphunzirira kunyumba ine mtima umandiwawa, chifukwa kwa mwana wamkazi kunyumba ndi kumtondo, kumjigo, kuphika, kulera. Mpanda wa sukulu uja umamuteteza ngakhale asaphunzire kanthu tsiku limenelo

Namwino wa Night: Amayi mwanena zomwe ife tinaziona ku sikelo chaka chimenecho, tiana tating'ono pamzere wa amayi oyembekezera. Malamulo anakweza zaka zokwatiwa kufika 18, mu 2017 anasinthanso ndi malamulo aakulu a dziko omwe, koma pepala silitseka chitseko cha munthu. Komabe ineyo ndinene mbali inayo, pano ndikuchita digiri ya ODL, manotsi amabwera pa WhatsApp ndi pa intaneti, ndimawerenga pa night odwala akagona, kusukulu ndimangopita nthawi ya mayeso ndi masabata ochepa okumana ndi aphunzitsi. Ndili ndi ana awiri, ndikanati ndisiye ntchito ndikakhale ku hostel sizikanatheka. Nde kwa ife akuluakulu zatitsegulira khomo lomwe linali lokhoma. Bandulo yokha nde imandidya, kalasi imodzi ya pa vidiyo 1GB yapita

Wakabaza pa Boma: Bandulo za masiku ano zimatha ngati mchere mu ndiwo za pamaliro

Mnyamata wa Kompyuta, Monkey Bay: Nkhani ya bandulo ili ndi njira zake anthu sakuzidziwa chabe. Ine ndili ndi kashopu kobena nyimbo ndi mafilimu, ana asukulu amabwera ndi memory card, nde ndinayamba kusunga mapepala akale a MANEB ndi mavidiyo a masamu ndi physics, ndimawaikira limodzi ndi nyimbo zawozo. Munthu mmodzi akadawuniloda, ena onse amangopatsirana pa Bluetooth kapena Xender osaononga ndi tambala yomwe. Wikipedia yonse imatheka kuiika pa kompyuta n'kumawerenga popanda netiweki, pulogalamu yake ndi Kiwix. Komanso Starlink, intaneti ya pa satelayiti ija, inalowa m'Malawi muno 2023, malo ena ogona alendo kuno kunyanja anaika, kumene Airtel ndi TNM zimavuta iyo imagwira bola kumwamba kuoneke. Mtengo wake munthu wamba sangaufike inde, koma sukulu imodzi kapena TDC, likulu la aphunzitsi la pa zoni, itakhala nayo, aphunzitsi a zoni yonse akhoza kumakoperako. Ine ndimaona kuti kutsogoloku sikuti mwana aliyense adzakhala ndi intaneti, koma padzakhala malo amodzi pamudzi potungira ngati mjigo

Ticha wa Chingerezi, Namwera: Aise, mwa ana khumi obwera ndi memory card, angati amapempha masamu?

Mnyamata wa Kompyuta, Monkey Bay: kkkk aphunzitsi musandiyalutse. Awiri, mayeso akayandikira anayi. Enawo amafuna mafilimu omasulira m'Chichewa aja ndi mpira

Che Siginala wa ku Msaka: Ndipo ena akufuna za beting. Alovi anga, anyamata ogwira nane ntchito pa boti, akalandira ya usipa mmawa, masana yathera pa foni kubetcha timu za ku England. Foni yomweyo mukuti ndi sukuluyo

Wa ku Joni 27: Koma tiyeni tisazembe chenicheni. Mwana wa ku Mangochi sasiya sukulu chifukwa chosowa tabuleti. Amasiya chifukwa akuona ine wa Folomu 2 ndabwera pa Eid ndi galimoto, ndamanga ya malata, ndatumiza marandi pa Mukuru, pomwe amene anakhoza MSCE ndi mapointi abwino akupalasa kabaza pa boma

Wakabaza pa Boma: Iwe usanditchule, ndili ndi 24 points ine kkkkk koma zoona zake zimawawa

Wa ku Joni 27: Pepa man sindimanena iwe. Koma ndikuuzeni zomwe sitinena tikabwera kumudzi, kuno timagona anthu asanu kachipinda kamodzi, mapepala ambiri tilibe, ukamva galimoto ya polisi mtima uli phaa, ndipo amene ali ndi pepala la umisiri amalandira kawiri kuposa ife ongodziwa ndi manja. Ine nditakhala nduna ndikanati mwana akafika Folomu 2 azigwirako waya wa sola, injini ya boti, firiji, kusoka, osangoti manotsi a history. Ku Mpwepwe kuli koleji ya za usodzi, TEVETA iliko, koma ana ambiri kumudzi sadziwa n'komwe kuti amalowa bwanji. Injini za maboti zadzaza nyanja yonse, masola ali padenga lililonse, okonza odziwadi ndi angati?

Agogo Opuma, Malindi: Apa mwana wanga wayankhula ngati munthu wamkulu. Kale kusukulu za mishoni ukalipentala ndi ulimi zinali pa timetable

Ticha wa Chingerezi, Namwera: Ndabwerera ku nkhani yanga ija poti mwandipatsa maganizo. Chomwe chikundiopsa ine si kubera kokha ayi, kubera kunalipo, tonse tikukumbuka MSCE ya 2020 inalephereka mapepala atawanda pa mafoni ana n'kudzalembanso mu January 2021. Chikundiopsa n'choti mnyamata uja sanaone cholakwika ndi tchizi. Msika wa pa Chiponde amapitako sabata iliyonse, amadziwa fungo la usipa wouma, amadziwa amayi a ku Mozambique odumpha malire ndi zitenje, amadziwa osintha ndalama amene amaima ndi mipukutu ya meticais, koma anakhulupirira kuti zomwe yalemba foni ndiye zolondola kuposa zomwe maso ake anaona. Nde Lachisanu ndinachita chonchi, ndinalemba komposishoni yake ija pabolodi osatchula dzina, ndinauza kalasi kuti pezani mabodza onse omwe ali umu. Anthu inu kalasi inadzuka, ngakhale ogona kumbuyo aja, wina akuti sala khofi pa Chiponde amamwa ndani, wina akuti palibe ndi kabaza mmodzi yemwe mu msika wonsewu, wina akuti nanga fumbi lili kuti. Kenako ndinati chabwino lembani zoonazo pompano m'kalasi, mafoni m'thumba. Chingerezi chake chinali chothyokathyoka koma munali msika weniweni, mwini wake uja analemba za mayi wogulitsa zitumbuwa amene amathamangitsa mbuzi ndi chipande. Ndinamupatsa 11 pa 20 ndipo anasangalala kuposa tsiku lomwe anabwera ndi zosalala zija

Madam a Sitandade 2: Iiii koma iyi nde ndaitenga, ndikauza amuna anga amaphunzitsa ku CDSS

Namwino wa Night: Kungoti ntchito ikuchulukirani aphunzitsi, homuweki nde yafa basi, zonse muzichongera pamaso

Ticha wa Chingerezi, Namwera: Yafa kumene, ya komposishoni sindiperekanso yopita nayo kunyumba. Koma AI yo sindinailetse, ndawauza kuti amene ali nayo alembe kaye yekha, kenako aifunse kuti ndalakwitsa pati grammar, abwere ndi mapepala onse awiri ndione. Mmodzi wachita kale, inamukonzera ma tense bwinobwino kuposa momwe ine ndikanachitira ndi makope 80 usiku pa tochi. Vuto ndi lomwe ananena amayi a ku M'baluku, mwa ana 80 amene angaigwire foni yotere kunyumba sakwana 15, ndipo ambiri mwa iwo ndi anyamata a abale ku Joni. Atsikana atatu okha. Nde ndikuopa kuti ndikhala ndi makalasi awiri m'chipinda chimodzi

Amake Atatu, M'baluku: Mtsikana ukamupatsa foni anthu amayamba kale kunena kuti wamugulira ndi mwamuna, ngakhale bambo ake omwe amakana

Che Siginala wa ku Msaka: Ine wanga wamkazi ali Folomu 1, ndimamubwereka yanga Lachisanu ndikachoka ku Juma mpaka madzulo, koma amakhala pakhonde pomwe ine ndikusoka ukonde, ndizimuona. Mwezi ukawala sitipita ku usipa nde amaigwira masiku angapo

Wakabaza pa Boma: Timetable yoyendera mwezi kkkkk Mangochi yokha basi

Mnyamata wa Kompyuta, Monkey Bay: Aphunzitsi a ku Namwera, kusukulu kwanu kuli kompyuta ngakhale imodzi yoyaka? Ndikhoza kukuikirani Kiwix ndi mapepala akale pa flash, ana opanda mafoniwo azigwiritsa ntchito pa break, atsikanawo muwapatse tsiku lawolawo anyamata asawalande mpando

Ticha wa Chingerezi, Namwera: Ilipo laputopu imodzi ya ku ofesi yolembera mayeso, ndikambirana ndi ahedi kaye, sindikulonjeza. Flash yo ikufunika yaikulu bwanji?

Mnyamata wa Kompyuta, Monkey Bay: Ya 64GB ikwana ndikasankha zofunika zokha, yonse ya zithunzi ndi yaikulu kwambiri. Vuto ndi kuifikitsa kumeneko

Wakabaza pa Boma: Ipatse kondakitala wa minibasi ya ku Monkey Bay andipatsire pa depoti, ine ndikaipereka kwa a matola okwera ku Namwera, ndimawadziwa onse. Koma mundiikiremonso za mawaya a sola zomwe amanena wa ku Joni zija, 24 points yanga isangowolera mu sutikesi

Wa ku Joni 27: Flash ndigula ine, tumiza nambala ku inbox man

Amake Atatu, M'baluku: Mlamu akuifuna foni yake, mukagwirizana tsiku wina andiimbire pa kamabatani kaja, nanenso ndikufuna mapepala a Sitandade 8 a mwana wanga wachiwiri